Galasi la kumaso likukana kukhala pa chisoti chomwe ndapanga ndekha, ndimate ndi chani?

Funso lomwe lafika ndi ili:

"Ndapanga chisoti cha loboti choti ndikavale pa sewero, ndachipanga ndi EVA foam ndipo ndapenta kale, chaoneka bwino moti anzanga sakukhulupirira kuti ndapanga ndekha. Koma galasi la kumaso landibalalitsa mutu. Ndinadula pulasitiki yoonekera ija ndikumata ndi supa guluu, kudzuka m'mawa m'mbali monse mwachita mbuu, kupukuta osachoka. Ndinadulanso ina ndikumata ndi guluu wotentha wa kamfuti uja, inakhala tsiku limodzi lokha kenako mbali ya kumanzere yatukuka. Pulasitiki yatsala yokwana galasi limodzi basi. Ndimate ndi chani? Komanso ndikufuna anthu asamaone nkhope yanga mkati koma ine ndiziwaona."

Achimwene, mtima m'malo. Chisoti chanu sichinaonongeke ndipo ntchito yovuta kwenikweni, youmba ndi kupenta ija, mwathana nayo kale. Zomwe zakuchitikiranizi ndaziona kwa anthu ambiri zedi pa zaka zomwe ndakhala ndikupanga zisoti ndi zigoba za masewero, moti munthu akangondiuza kuti galasi lachita mbuu ndimadziwiratu guluu yemwe wagwiritsa ntchito. Koma funso lanu ndilitembenuza pang'ono. Inu mukufunsa guluu wabwino, ine ndikuti galasi lisamadalire guluu nkomwe. Lipindeni kaye mpaka lizikhala lokha pamalo pake osalimbana nanu, kenako lipangireni zoligwira mkati mwa chisoti, zoti mukafuna kulichotsa lizichoka. Guluu azigwira chisoti, osati galasi.

Tiyambe ndi mbuu uja kuti musadzabwerezenso. Supa guluu amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo asanaume amatulutsa kampweya kosaoneka kamene kamakatera pa chilichonse chomwe chili pafupi nkuumira pomwepo. Pa fomu (EVA foam ija) yopenta simungakaone koma pa pulasitiki yoonekera kamasiya kuyera kuja, makamaka pomwe panagwira zala, moti nthawi zina mumaona chidindo cha chala chanu chenicheni chitayera bwinobwino. Mkati mwa chisoti mumakhala mofundira, mpweya suyenda, ndiye kampweya kaja kalibe kothawira. Ndipo chonde musayese kuchotsa ndi acetone kapena mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, pulasitiki zambiri zoonekera zimachita khungu kapena ming'alu zikangokhudzana nawo. Galasi loyamba lija liiwaleni ngati galasi, koma musataye, likhala loyeserera kubowola ndi kutenthetsa.

Lachiwiri lija linatukuka pa zifukwa ziwiri. Guluu wotentha amagwira bwino pa chinthu chokhakhala, chokhala ndi timabowo toti alowemo, monga fomu, katoni kapena nsalu. Pa pulasitiki yosalala amangokhala pamwamba, mukamukanda ndi chikhadabo amasendeka yense. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, pulasitiki yafulati mukaipinda mokakamiza imakhala ikufuna kubwerera mwakale usana ndi usiku, ili ngati uta wokoka, ndiye imakoka guluu uja pang'onopang'ono mpaka mbali yofooka igonje. Fomu nayo imapindika nthawi iliyonse mukuvala ndi kuvula, zomwe zikuthandizira kusendako. Mukanaika guluu wamphamvu kuposa uyo mwina sakanasiya, koma galasi likanakoka chisoti nkuchikhotetsa nkhope, zomwenso ndi zoipa kuposa kutukuka.

Simunanene kuti pulasitiki yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo apa mpofunika kudziwa musanaiyandikize ku moto. Yomwe ine ndimaikonda ndi PETG ya pakati pa 0.5 mm ndi 1 mm, imadulika ndi sizasi, siisweka mukamabowola, ndipo imayamba kufewa ikafika cha m'ma 80°C, ndiye kuipinda sikuvuta. Timapepala ta pulasitiki tomwe amakutira pamwamba pa mabuku omanga tija ndi topyapyala kwambiri, pa kabowo kakang'ono ka maso timagwira ntchito koma pa nkhope yonse timachita makwinya. Polycarbonate, yomwe amapangira zotchinga kumaso za anthu ogaya zitsulo, ndi yolimba zedi ndipo ubwino wake mukagula chotchinga chotere chimabwera chopindika kale, inu kwanu nkudula basi, koma imafuna kutentha kwambiri kuti ifewe ndipo imatulutsa timathovu mkati mukaitenthetsa isanaumitsidwe, komanso imadana ndi guluu wa fungo lamphamvu. Acrylic ndiye sindiifuna pafupi ndi maso a munthu, imaoneka bwino koma ikasweka imasiya nsonga zakuthwa ndipo pobowola imang'aluka mosavuta. Botolo la zakumwa limathandiza pa zinthu zing'onozing'ono chifukwa ndi lopindika kale, koma musalitenthetse, limafwamphuka nkunyentchera nthawi yomweyo. Njira yophweka yodziwira, tengani chidutswa cha galasi lotayika lija mulipinde mwamphamvu. Chikathyoka kuti thwa, chimenecho si choyika kumaso.

Popeza yatsala imodzi yokha, musadule musanapange patani. Tengani tepi ya pepala, matani kunja kwa chisoti kutseka bowo lonse la maso, mizere iwiri kapena itatu yopingasana kuti ilimbe. Kenako lowetsani dzanja mkati ndi cholembera muzungulire m'mphepete mwa bowo, kulemba pa mbali yomata ija. Sendani mosamala, yalani pa katoni yopyapyala, ndiye muonjezere 1.5 cm kapena 2 cm kuzungulira konse. Malire oonjezerawa ndi omwe adzabisale kuseri kwa fomu, ndipo anthu ambiri amalakwitsa pompa, amadula galasi lofanana ndendende ndi bowo kenako nkumasowa pogwira. Katoni ija ilowetseni mkati, valani chisoti, muone ngati sikukukandani pamphuno kapena pa masaya, chepetsani pomwe pakugunda. Ngati mumavala magalasi a maso yesani muli nawo. Mukakhutira ndi katoni mpomwe mudule pulasitiki, ndipo kapepala kotchinga kamene kamabwera nayo musakasende mpaka pamapeto penipeni. Makona onse muwazungulitse ndi sizasi nkupalira ndi sandipepa, kona yosongoka imayambitsa mng'alu komanso ili pafupi ndi diso lanu.

Tsopano kupinda, pomwe pagona nkhani yonse. Yang'anani bowo la chisoti chanu. Ngati galasi likungofunika kupindika mbali imodzi, kuchokera khutu ili kupita khutu linalo, muli ndi mwayi, mungathe kuchita nokha. Pezani chinthu chozungulira chokula ngati mutu wanu, ndowa yachitsulo kapena chitini chachikulu cha penti, chikuteni ndi nsalu yofewa yopanda makwinya chifukwa pulasitiki ikafewa imatengera chilichonse chomwe yagonapo. Yalani pulasitiki pamenepo, tenthetsani ndi heat gun, kachipangizo kotulutsa mpweya wotentha kwambiri, muli patali ngati masentimita 15 kapena 20, dzanja lisaime malo amodzi, liziyenda uku ndi uku. Mudzaona m'mbali mukuyamba kugwa mokha, pamenepo siyani moto, gwirani ndi magolovesi nkukanikiza mofatsa mpaka izizire. Kapepala kotchinga kaja ena amakasenda mbali yomwe ikulandira moto chifukwa kakatentha kwambiri kamakanirira, yesani pa chidutswa muone kanu kakutani. Choumitsira tsitsi mungachiyese pa PETG yopyapyala koma chimafuna kudekha. Kandulo kapena mbaula ayi, moto wake umagunda malo amodzi nkusiya chithuza. Ndipo musatenthetse galasi lili m'chisoti, fomu imafewa ndi kutentha ndipo penti wanu adzatukusira.

Mayeso ake ndi awa: lowetsani galasi mkati popanda guluu aliyense, ligwireni ndi chala chimodzi pakati chakumtunda. Ngati m'mbali monse mwagona pa fomu, mwatha. Ngati mbali ina ikudzuka, bwererani ku ndowa. Ine ndimakonda kulipinda mochepera pang'ono, likhale lotambasuka kuposa chisoti, kuti likalowa mkati lizidzikankhira lokha ku khoma m'malo mothawako.

Likakhala bwino, njira yomwe ndimaikhulupirira pa chisoti cha fomu ndi ya timatumba. Dulani tizidutswa ta fomu totsala, kalikonse kotalika ngati 3 cm mulifupi 2 cm. Ikani galasi pamalo pake mkati, lembani mzere kuzungulira m'mphepete mwake, lichotseni. Ndiye kachidutswa kalikonse mukamate theka lokha, theka lomwe lili kunja kwa mzere, theka linalo lilendewere pamwamba pa pomwe padzakhale galasi. Tiwiri pansi, tiwiri pamwamba, kamodzi mbali iliyonse. Pansi ndimakonda kuika kamzere kamodzi kakatali kuti galasi likhalepo ngati pa shelefu. Pomata gwiritsani ntchito guluu wa nsapato uja, wopaka mbali zonse ziwiri nkudikira mphindi 10 mpaka 15 kuti asiye kumata chala musanagundanitse, fomu ndi fomu akagwirana ndi ameneyu sizisiyananso. Ngati mkatimo munafika penti kapena zotsalira za supa guluu, palani kaye ndi sandipepa mpaka fomu yeniyeni ioneke, apo ayi mukhala mukumata pa penti ndipo penti ndi amene adzasendeke. Guluu akauma, pindani galasi pang'ono ndi manja, lowetsani m'timatumba ta pansi, kenako m'mbali, lisiyeni lidzitambasule. Mudzamva likukhazikika. Palibe dontho la guluu lomwe lakhudza pulasitiki, ndipo tsiku lomwe lidzakandike mudzangolisolola nkudula lina pa patani yomwe ija, choncho patani musataye.

Pali njira zina ndipo zonse ndi zabwino pamalo pake. Velcro (kansalu kokolana kotsekera nsapato ndi zikwama) yomata yokha imagwira pa pulasitiki yosalala mukaipukuta bwino, koma mbali yopita ku fomu muimate ndi guluu wa nsapato chifukwa guluu wake wobwera nayo amasiya kukatentha, vuto lake imakweza galasi mamilimita angapo ndiye pamatsala mpata woonekera kunja. Maginito ang'onoang'ono a neodymium ndi abwino ngati mukufuna kumachotsa galasi pafupipafupi kuti mupume kapena kumwa madzi, mumakumba kabowo m'fomu, kuikamo maginito nkuphimba ndi kansalu komata, chifukwa maginito omata pamwamba pokha amazuka nkutsatira anzake. Onetsetsani mbali zomwe zikukokana musanamate, ndipo musawathire guluu wotentha kwambiri, maginito amtunduwu amayamba kutha mphamvu akapitirira 80°C. Chisoti chikakhala cholimba, cha fibreglass kapena chosindikiza pa 3D printer, timabawuti ting'onoting'ono ndi mawasha ndiye mapeto a zonse, ndipo mukaika kamodzi mbali iliyonse pafupi ndi khutu galasi limatha kumakwera ndi kutsika. Bowo la pa pulasitiki likhale lokulirapo kuposa bawuti ndipo musamange mpaka kufinya. Pa fomu yokha bawuti amang'amba, pokhapokha mutamatira kachidutswa ka pulasitiki yolimba kuseri.

Mwina nthawi yakutherani ndipo zomwe muli nazo ndi kamfuti ka guluu komweko. Zitheka ndithu, koma musinthe kachitidwe. Bowolani timabowo ta 3 mm kapena 4 mm m'malire obisika aja, motalikirana ngati zala ziwiri. Thirani guluu pa fomu, osati pa galasi, dikirani masekondi ochepa kuti ukali wa moto utsike, kanikizani galasi mpaka guluu atulukire m'timabowo, kenako onjezerani kadontho pamwamba pa bowo lililonse. Akauma amakhala ndi mutu mbali iyi ndi muzu mbali inayo, ndiye ngakhale asagwire pulasitiki, pulasitikiyo ilibe kothawira. Timfuti tina timatentha mpaka cha m'ma 190°C pomwe tina timathera cha m'ma 120°C, pa PETG yopyapyala kotentha kwambiri kaja kamakhotetsa m'mphepete, samalani. Yambani pakati pamwamba, kenako pakati pansi, muzipita cha m'mbali mosinthanasinthana. Dziwaninso kuti guluu ameneyu amafewa chisoti chikasiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa. Guluu wa epoxy pa fomu sindikulimbikitsani, amauma gwa pomwe fomu imapindika, mapeto ake amasweka.

Za kubisa nkhope. Chinsinsi chake si pulasitiki yodula koma kuwala: munthu wa kunja saona mkati ngati mkati muli mdima kuposa kunja. Ndiye choyamba pentani mkati mwa chisoti ndi penti wakuda wosawala kapena matanimo nsalu yakuda, ndipo tsekani mipata yolowetsa kuwala cha kuchibwano ndi kukhosi. Ngati munaganiza zoika timagetsi ta LED mkati, tibiseni kuti tisawalire pankhope, tikangokuwalirani aliyense akuonani ngakhale galasi lide bwanji. Kenako tinti wa mawindo a galimoto. Amalembedwa manambala osonyeza kuwala komwe amalola kudutsa, wa 5% ndi wakuda bii, wa 20% wapakati, wa 35% wopepuka. Anthu amathamangira wa 5% chifukwa masana panja amaoneka bwino, koma mukalowa naye m'holo ya magetsi ochepa simuona masitepe. Ine ndinganene 20%, kapena wonyezimira ngati kalilole uja ngati loboti yanu ikuyenera kutero. Matani mukamaliza kupinda, mbali ya mkati, tsirani madzi osakaniza kadontho ka sopo pa galasi, yalani tinti, kankhani madzi kuchokera pakati kupita m'mbali ndi khadi lokutidwa ndi kansalu, dulani zotsala ndi lezala latsopano, lisiyeni tsiku lathunthu liume. Pa galasi lopindika mbali imodzi amagona bwino. Pa lozungulira ngati mpira amachita makwinya, pamenepo anthu amanyika PETG mu utoto wa nsalu za polyester m'madzi otentha koma osafika pofewetsa pulasitiki, kuviika ndi kuvuula kangapo mpaka mtundu ukwane, ndipo poto wake asadzaphikirenso chakudya.

Chinthu chomwe simunafunse koma chidzakupezani pa mphindi zochepa zoyamba ndi nthunzi. Mpweya wanu ndi wofunda ndi wachinyezi, galasi ndi lozizira, ndiye limachita chifunga ndipo simuona kanthu. Ichi nchifukwa chinanso chomwe sindifunira kumata galasi kuzungulira konse, timatumba timasiya timipata toti mpweya uziyenda. Bowolani mabowo cha pakamwa ndi pansi pa chibwano nkuwabisa ndi kaneti kakuda, ena pamwamba chakumbuyo kuti mpweya wotentha uzitulukira. Kachidutswa ka fomu kopingasa pamwamba pa mphuno kamathandiza kwambiri kutsitsa mpweya pansi. Kadontho ka sopo wotsukira mbale kopaka mkati nkupukuta mpaka kuwala kamachedwetsa chifunga. Ngati muvala nthawi yaitali, kafani ka 5V ka 40 mm kolumikiza ku power bank kamasintha zinthu zedi, bola tsitsi lisakodwemo. Popukuta galasi, madzi a sopo ndi kansalu kofewa basi, mankhwala opukutira mawindo ena ali ndi ammonia amene amaononga tinti ndi polycarbonate.

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa mutu wanu ukhala motsekeka. Guluu wa nsapato ndi penti wopopera amatulutsa fungo loipa m'thupi, matirani panja kapena pa windo lotsegula, ndipo chisoti chikhale poyera masiku awiri musanachivale nthawi yaitali. Mukalowetsa mphuno nkumva fungo, sichinakonzeke. Mukavala nkuyamba kumva chizungulire, mutu kapena maso kuwawa, vulani pompo, ndipo zikapanda kusiya mutapuma mpweya wabwino pitani kuchipatala. Supa guluu akalowa m'diso musakanule chikope mokakamiza, tsukani ndi madzi ofunda nkuthamangira kuchipatala. Chisoti chizivulika ndi manja anu nokha mwachangu popanda wina kukumasulani. Ngati m'nyumba muli ana aang'ono maginito aja asamagwe pansi, mwana akameza awiri amakokana m'matumbo ndipo ndi ngozi yofuna dokotala nthawi yomweyo, komanso munthu wokhala ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikize maginito amphamvu pachifuwa. Ndipo chisoti ichi ndi cha sewero basi, musakwere nacho njinga yamoto, musagaye nacho zitsulo kapena kuwotcherera, tinti sateteza maso ku moto wa welding ngakhale ade chotani.

Pomwe mungafunike munthu wina ndi ngati bowo lanu likufuna galasi lopindika mbali ziwiri, lotukuka ngati chibaluni. Pulasitiki yafulati siingatero ndi manja, imachita mapindo m'mbali ngakhale muitenthetse bwanji, ndipo mungoononga yomaliza yanuyo. Zoterezo zimafuna chikombole ndi makina okoka pulasitiki yofewa ndi mpweya, omwe amapezeka kwa ena opanga zikwangwani ndi opanga zida za masewero, kapena mupeze galasi la chisoti chakale cha njinga yamoto nkulidula kuti likwane, kapenanso mugawe galasi pawiri ndi kamzere ka fomu pakati kuti chidutswa chilichonse chipindike mbali imodzi yokha. Pa loboti kugawa kumeneku kumaoneka ngati munachita dala.

Musanapite kosewera, valani chisoti kunyumba kwa theka la ola, yendani, gwedezani mutu mwamphamvu, weramani, kwerani masitepe magetsi atachepa. Pomwe pakugwedera onjezerani kathumba kena. Ndipo ngati simukutsimikiza kuti bowo lanu ndi la kupindika kumodzi kapena kuwiri, nditumizireni zithunzi ziwiri, china chojambula cha m'mbali china cha mkati, musanadule pulasitiki yotsalayo.